Funso la Amalume

Ndikukumbukira ndili Sitandade 5 ku Kasinje, chaka chimene amalume anga anabwera kudzapuma kumudzi. Ankaphunzitsa ku yunivesite, ndipo ntchito yawo inali kuwerenga mabuku a nkhani n'kulemba zimene zabisala m'menemo. Anthu ankanong'ona kuti ndi akomyunisiti. Amalumewo ankati chimene chinawatsegula maso ndi matenda amene agogo anabwera nawo kuchokera kumigodi ya ku Joni: golide anatsala kwa eni migodi, kwathu kunabwera chifuwa.

Masana ena ndikutong'ola chimanga pakhonde, anatenga buku langa la Chichewa. Munali nkhani ya bwana wina amene anamanga chinyumba chachikulu. Anandiuza kuti nkhani iliyonse ndiziifunsa kuti wakhetsa thukuta ndani, nanga watchulidwa dzina ndani.

Mawa lake ndinakweza mkono m'kalasi. Ndinafunsa aphunzitsi kuti amene anaumba njerwa za nyumbayo ali kuti, popeza bukulo likungotama bwana. Anzanga anaseka. Aphunzitsi anayesa ndikuwanena iwo, poti madzi omangira nyumba yawo tinkatunga ndife ana. Anandikwapula, anandikumbitsa dzenje la zinyalala, n'kundiuza kuti ndisabwerenso popanda kholo.

Ndinafika kunyumba manja ali matuza okhaokha. Amayi anapempha alongo awowo kuti apite kusukulu, paja mwini mbumba ndi iwo. Amalume anayang'ana manja anga maso akuwala, ngati atola kanthu panjira.

"Musadandaule, mlongo wanga," anatero. "Mwanayu waona lero zimene ophunzira anga saona mpaka kulandira digiri."

M'mawa anakwera minibasi, ati kuli msonkhano kutauni.

Amene anapita kusukulu ndi amayi, munthu wosadziwa n'kuwerenga komwe. Ndinawaona atagwada pafumbi pamaso pa aphunzitsi aja, mwamuna wamng'ono kwa iwo, akupepesa mlandu umene sankaumvetsa. Anandilola kubwerera m'kalasi, koma pakamwa panga panatsekeka mpaka tsiku limene ndinasiya sukulu.

Amalume atamwalira, anzawo a ku yunivesite anadzanena pamaliro kuti malemuwo ankalankhulira osauka. Wina anafotokoza za kamtsikana kolimba mtima kamene kanafunsa za njerwa. Akuti nkhaniyo amalume ankaikamba chaka ndi chaka. Za mayi wogwada pafumbi uja anzawowo sanazimvepo. Ine ndinali kuseri ndikutsuka mbale za alendowo, mwana wanga ali kumsana.

Funsolo linali labwino, mpaka lero sindikana. Chimene ndazindikira n'chakuti wopatsa mwana chikuni chamoto ayenera kukhala pafupi akamapsa. Wangayu akadzayamba kufunsa, kusukuluko ndidzapita ndekha, ndipo sindidzagwada.