Nkhuni Imene Inakana Kuyaka

Ndikukumbukira msewu wathu wa pa boma la Lundazi uli ndi mitengo ya jakaranda mbali zonse ziwiri, maluwa ake atayoyokera pansi moti ankatiphulikira kumapazi popita kusukulu. Tinafikako m'zaka za m'ma 1990, bambo atawasamutsa kuchokera ku Chipata. Iwo anazolowera msanga, paja mphunzitsi sasowa ana oti awakalipire. Amayi ndiwo zinawavuta. Chitumbuka chinkangowadutsa m'makutu, ndipo aneba akawapatsa moni ankayankha ndi mano okha.

Ku Lundazi konse amayi anakondako chinthu chimodzi, jakaranda wa pakhomo pathu. Nyumba inali yamalata, ndipo mu Okutobala simunkakhalika. M'mawa uliwonse tinkawatulutsira makina awo osokera n'kuwaika pamthunzi, iwo n'kumapalasa mpaka dzuwa kupendeka, maluwa akugwera pansalu.

Koma mitengoyo inali itadwala. Khungwa linkasendeka lokha, nsonga zinali zitauma, ndipo ukamenya thunthu ndi mwala linkalira ngati ng'oma chifukwa chiswe chinali chitadya m'kati. Tsiku lina nthambi inathyoka n'kuphwanya njinga ya wogulitsa makala, mwini wake ataima poteropo akumwa madzi. Posakhalitsa akhonsolo anabwera ndi penti yofiira n'kulemba mitengo yonse yodwala. Wathu anaulembanso.

“Mtengo uyu akaudula, ine nibwelela kwathu ku Chipata,” anatero amayi madzulo ake. “Sinine nsomba ya kapenta yoyanika pa dzuwa.”

Bambo anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinali nditawaona amayi akutsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuipukuta fumbi. Ndinkaopa zedi kuti tsiku lina ndidzaweruka kusukulu n'kupeza atapita.

Odulawo anabwera ndi nkhwangwa, zingwe ndi sowo yaitali yokoka anthu awiri. Ankayimba pokoka chingwe, ndipo mtengo ukamagwa ana tonse tinkakuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Mpweya wonse unkanunkha utuchi wowawasa. Ndinakuwa nawo mpaka anafika pa wathu. Chimene chinawapweteka kwambiri amayi n'chakuti zipika zonse anazikweza pa thirakitala, akuti zikatenthedwe kutali kuti matenda asafale. Munthu wogula nkhuni pamsika anangoima n'kumaona nkhuni za chaka chathunthu zikupita.

Msewu unasanduka dazi. Amayi anasiya kusoka, ndipo sutikesi sinabwerere pamwamba pa kabati.

Mitambo itayamba kusonkhana, kunabwera ngolo ya ng'ombe yochokera cha ku Magodi itadzaza zibonga zaziwisi, zopanda tsamba n'limodzi lomwe. Kapitawo wa khonsolo ankatsitsa chimodzi pakhomo lililonse. Atafika pathu anavula chisoti.

“Monile mama. Khuni linu ili. Mulipande machelo, vula yili pafupi.”

Pa mawu onsewo amayi anatolapo amodzi okha. Inenso Chitumbuka changa chinali chongokwanira kusewerera phada, ndiye ndinamva zomwe anamva iwo. Anathokoza mwaulemu, koma ngolo itangosuntha anagwira m'chiuno.

“Taona, Tamala. Atenga mtengo wonse, atibwezela nkhuni imodzi. Yaiwisi futi!”

Komabe chopatsidwa sachitaya. Tsiku lotsatira anachisonkhezera pamafuwa, pansi pa mphika wa nyemba. Chibongacho chinakana kuyaka. Chinkangolira kuti tsiii, utomoni woyera ukutuluka thovu, utsi uli tolotolo. Amayi ankauzira, n'kutsokomola, n'kudzudzula khonsolo, n'kuuziranso. Tonse misozi inali chuchuchu.

Utsiwo ndiwo unaitana aNyaZimba, mayi wa nyumba yoyandikana nafe amene ankagulitsa tomato pamsika. Anasuzumira pampanda n'kugwira kumutu.

“Anyina Tamala! Mukocha khuni!”

“Nanga nkhuni ni ya ciani, amai? Si yosonkha?”

“Khuni, mama, khuni!”

“Eya, nkhuni!”

ANyaZimba anaona kuti pakamwa sipathandiza. Analowa, anasolola chibongacho pamoto n'kuchiviika mu ndowa. Kenako anawagwira amayi padzanja mpaka kumsewu. Pakhomo lililonse panali pataima chibonga chokumbiridwa pansi, chotchingidwa ndi minga kuopa mbuzi. Pathu pokha ndi pamene panali pululu. ANyaZimba analoza mtengo wa mango wa kuseri kwawo n'kunena kuti khuni. Analoza mulu wa pafupi ndi mafuwa athu n'kunena kuti nkhuni. Kusiyana kwake kunali kamawu kamodzi ka m'mphuno. Khonsolo inali itatipatsa kachere woti tibzale, ife n'kumuphikira nyemba.

Amayi anayamba kugwedezeka mapewa. Anaseka mpaka kukhala pansi pafumbi, aNyaZimba nawo akupukuta misozi ndi chitenje. Aka kanali koyamba kuwamva amayi akuseka chotero chifikireni ku Lundazi, ndipo mtima wanga unakhalako pansi.

Chibonga china panalibe, ngolo inali itabwerera. Azimayi awiriwo anadula kumene kunapsako, anakumba dzenje pambali pa chitsa cha jakaranda n'kubzala chotsalacho. Pamwamba aNyaZimba anamatapo ndowe kuti chisaume. Chinali chachifupi kuposa zonse mumsewumo, ndiponso chakuda ndi mwaye.

Mvula itagwa, zibonga za anzathu zinaphuka. Chathu chinangoti njo. Nkhani inali itawanda, ndipo odutsa ankafunsa mwaulemu wonse ngati nkhuni ya anyina Tamala yapsa tsopano. Amayi ankaseka nawo, koma zinawalowa mumtima. Madzi otsukira mbale onse ankathira pamenepo. Bambo atafunsa mochenjera za ulendo wa ku Chipata, anayankhidwa mwachidule.

“Niyambe naona ngati cizaphuka. Siningasiye manyazi yanga yaimilila pa mseu.”

Podikirapo, aNyaZimba anati makina asachite dzimbiri, abwere pansi pa mango wawo. Kumeneko kunkasonkhana azimayi osenda mtedza, ndipo amayi anayamba kutola Chitumbuka pang'onopang'ono, akulakwitsa, akusekedwa, akubwezera.

Ndine ndinayamba kukaona kamphukira, kofiirira, kakang'ono ngati khutu la mbewa, katatulukira m'munsi mwa mwaye. Ndinathamanga kukawaitana, koma ndili m'njira mantha anandigwira, poti tsopano chowadikiritsa chinali chitatha. Amayi anawerama, anakayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti katsamba kamodzi si mthunzi, ayambe aona mthunzi wake. Mthunzi utabwera anati ayambe aona ngati ungakwane makina ndi mpando wa mlendo. Sutikesi ija inayamba kusungira zidutswa za nsalu.

Masiku ano mitengo yobzala m'misewu imabwera m'timapepala takuda, ili ndi masamba kale, moti ngakhale mlendo sangaiphikire nyemba. Ana a mumsewu uja amasakaniza Chinyanja ndi Chitumbuka osadziwa n'komwe kuti ndi zinenero ziwiri. Akachere ena anadulidwa pokuza msewu, koma wathu alipo, wopindika pang'ono, ndipo ndi wamthunzi kuposa onse otsala, poti palibe wina amene anamwa madzi a mbale ngati iye. Bambo atapuma ntchito anagula nyumba yomweyo, ndipo atamwalira tinawaika ku Lundazi konko.

Chaka chatha ndinawapeza amayi pansi pa kachereyo, maso atafooka, akulowetsa ulusi mu singano mongoyerekeza. Ndinawauza kuti akalamba, ndiwatenge abwerere kwawo ku Chipata kumene ankakulira kuja. Anandiyang'ana ngati ndanena zamisala, n'kundifunsa m'Chitumbuka kuti mtengo wawo ausiyira ndani.

“Khuni lane nilekele njani?”