Malaya Ofiira pa Phiri la Chaone

Ntchito yanga yoyamba anandipezera amalume, omwe ankasesa pachipatala cha ku Kasupe. Anthu a katemera wa nthomba ankafuna wonyamula katundu wopita naye kumidzi ya pamwamba pa Chaone. Amayi atamva, anagulitsa mtedza wawo kwathu kwa Nsamala n'kundigulira malaya ku Balaka. Anali ofiira, atsopano oyamba m'moyo wanga.

Bwana wathu anali a Chimwaza, munthu wa pakamwa polula, amene mpaka lero sindimukhululukira. Pokonzekera ankaona chilichonse ndi maso ake: bokosi la katemera, singano za nsonga ziwiri, pulaimasi yowiritsira singanozo, palafini, thonje, ufa, matemba a ku Chiuta, mabulangete. Atafika pa ine anayang'ana malaya anga n'kuseka. "Wavala bwino, mnyamata. Anthu akakuona, abwera okha mothamanga."

Nthawi imeneyo ofiira ankavala anyamata a chipani, aja ogulitsa makadi mokakamiza. Ine ndinkayesa akundiyamikira.

Tinakwera kuyambira m'mamawa, bokosi pamutu popanda nkhata yabwino, a Chimwaza kumbuyo akunditukwana kuti ndikuyenda ngati nkhalamba. Mudzi woyamba tinapeza moto ukufuka, chimanga chili mumtondo, munthu ng'o. Wachiwiri chimodzimodzi, agalu okha. A Chimwaza anamenya chitseko cha wina ndi nsapato, akuti anthu a kumapiri ndi mbuli.

Pamudzi wachitatu mwala unagwa pafupi ndi phazi langa. Pathanthwe panaima mayi wobereka mwana kumbuyo, mwala wina uli m'manja.

"Makadi tinagula! Nkhuku munatenga mwezi watha! Mukufunanso chiyani?"

"Iyayi amayi, ndife achipatala," ndinatero.

"Achipatala ovala zimenezo?"

A Chimwaza anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Vula." Ndinavula. Anawapinda okha malaya amene amayi anandigulira aja, kuwaika pamutu panga ngati nkhata, n'kundisenzetsa bokosi. Ndinayenda msana uli pamtunda, ndipo anthu anayamba kutuluka m'matanthwe. Tsiku lomwelo tinatemera mudzi wonse.

Potsika ndinawapempha kuti tidzere midzi iwiri ija. Anakana, akuti palafini watha ndipo iwo sachonderera mbuli. Titafika ku Boma anauza akuluakulu kuti ine ndinabalalitsa anthu ndi zovala zanga, ntchito n'kuthera pomwepo.

Za ntchitoyo sindidandaula kwenikweni. Chimandiwawa n'chimene ndinaona mvula itayamba, nditapita kukaona amalume. Pakhonde la chipatala panakhala bambo wina amene amalume anati ndi wa m'mudzi woyamba uja, atafungatira kamtsikana ka nkhope yodzaza zipsera za nthomba, maso oyera osaonanso.

Pambuyo pake ndanyamula katundu wa anthu ambiri kumapiri. Ndisanamange mtolo ndimayamba ndafunsa kuti anthu a kumene tikupitako amaopa chiyani. Zofiira sindinavalenso.