Tsamba la Achimwene

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa chogona pamphasa. Amayi a kwaya anali atatopa, nyimbo ikungotuluka chapansipansi. Panja amuna anali atazinga chitsa chamoto, mitu ili m'majekete, pakuti chisanu cha Juni ku Kapata sichiona kuti pano pali maliro.

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, anandikodola n'kundinong'oneza kuti akufuna kuona tsamba lija.

Ndinadziwa chimene ankanena. Kale, intaneti itangofika ku Chipata, achimwene akaweruka ku ofesi ankathera madzulo m'kachipinda ka makompyuta kuseri kwa sitolo ya mnzawo wachisilamu. Kumeneko anadzipangira tsamba lawolawo. Kunena zoona linali losaoneka bwino, koma ndinkalikonda: zilembo zachikasu zophethira, kanjinga kothamanga uku ndi uku, nyimbo ya kutchalitchi yolira ngati udzudzu, ndi zithunzi za nkhanga zawo, iliyonse ndi dzina lake. Masiku ano masamba athu amafanana ngati yunifolomu ya sukulu, koma lija ukangoliona unkadziwa mwini wake. Alamu okha ndiwo sanalionepo. Ankakana dala, ati alibe nacho ntchito chinthu chowalanda mwamuna mpaka ndiwo kuzizira. Lero analifuna, pamene ine ndinali nditamva kalekale kuti masamba otere anafufutidwa. Ndinaopa kuwauza.

Kutacha, moto unayaka kuseri kwa nyumba, utsi wa nkhuni zaziwisi ukutiliza tonse mofanana. Azimayi ankadula kabichi m'mabafa. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa minibasi, aphunzitsi opuma ntchito atavala masuti a kalekale. Ndinabisala pafupi ndi khola, lomwe tsopano mulibe nkhanga, n'kuyesa pa foni. Sindinapeze kanthu.

Mwini sitolo uja anafika ndi thumba la mpunga, ndevu zake zitayera. Nditamudandaulira, anati kuli malo ena pa intaneti osunga masamba akale, koma ndisayembekezere zambiri.

Titachoka kutchalitchi tinalowera kumudzi ku Kasenengwa. Lole ya bokosi inali patsogolo, ife pambuyo tikumeza fumbi. Anthu m'njira ankatsika pa njinga n'kuvula zipewa. Kumanda kunali mphepo, ndipo mkulu wa mpingo anawerenga mbiri ya malemu: kubadwa, sukulu, ntchito, ukwati. Zonse zinali zoona, koma munalibe nkhanga ngakhale imodzi. Zinandiwawa, chifukwa munthu ankamufotokozayo akanatha kukhala kalaliki wina aliyense. Alamu ataika nkhata ya maluwa anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi.

Madzulo, titabwerera ku Kapata, anthu anabalalika. Mipando inabwerera m'nyumba, panja patangotsala phulusa. Mwini sitolo anabwera atatha mapemphero ake, nandipatsa foni yake.

Tsamba linatseguka pang'onopang'ono. Nyimbo panalibe, kanjinga panalibe, ndipo pamene panali zithunzi panangotsala timabokosi topanda kanthu. Koma zilembo zachikasu zinalipo, ndi maina onse a nkhanga. Alamu sanadziwe kumene anaika magalasi awo, choncho ndinkawawerengera. Pansi penipeni panali kabokosi kena, ndi mawu amene ine ndinali nditawaiwala.

“Awa ndiye akazi anga. Zonse zili pamwambazi sizifikako. Sadziwa kuti ali pano, chonde musawauze.”

Alamu anaika chala pa kabokosi kopanda chithunzi kaja.

“Ndiye ananiika pansi pa nkhanga,” anatero, akuseka, misozi ikutsika.

Mwini sitolo anaimirira kuti atsazike, koma foni sanaipemphe. Alamu anandibwezera m'manja.

“Werenganinso, alamu. Muyambire kumwamba, musalumphe nkhanga olo imodzi.”