Atsibweni Sankajambula, Ankapaka

Pamene ndinayamba maphunziro a uphunzitsi ku Bulawayo, dziko linali litangolandira ufulu, ndipo ndinkakhala kwa mlongo wawo wa amayi anga ku Raylton. Anzanga ankatchula munthu wotere kuti malume, koma ine ndinkanena kuti atsibweni, chifukwa ndi mmene ndinawerengera m'mabuku amene bambo anga anabwera nawo kuchokera kwathu kum'mawa kwa Zambia. Eni akewo ankangoseka. "Aphunzitsi afika," ankatero ndikamalowa, "aliyense abise Chichewa chake chong'ambika."

Atsibweni ankagwira ntchito yopaka penti mabogi a sitima. M'nyumba yawo munkakhala kale mzungu woyendetsa sitima, ndipo kuseri kwake kunali kanyumba kamene kale munkagona wantchito. M'kanyumbamo ndi mmene iwo ankasungira mabolodi awo. Ankagula mabolodi ndi zitini za penti zophwanyika ku mafakitale a ku Donnington, n'kumapaka Loweruka masana. Pa mabolodiwo panalibe munthu, nyumba, mtengo kapena nyama. Lina linali lotuwa lonse ngati kumwamba kwa mwezi wozizira, ndi kadontho kachikasu m'munsi. Lina linali lakuda, koma ukaliyang'anitsitsa unkaona kuti pansi pa kudako pali kubiriwira. Lalikulu kuposa onse linali lofiirira ngati dothi lonyowa, ndipo pakati pake panadutsa mizere iwiri yopyapyala yoyera, yoyenda limodzi, ndi wachitatu wopingasa.

Lamulungu tikabwerako ku tchalitchi, ankatenga kampando, n'kukhala moyang'anana ndi bolodi limodzi, osalankhula. Akazi awo, amene ndinkawatchula kuti azakhali, ankati ndi mapemphero achiwiri a amuna awo, opanda nyimbo ndi chopereka. Tsiku lina ndinawafunsa chimene ankaona.

"Diso langa ndi wantchito," anandiyankha. "Mlungu wonse ndimalituma: werenga nambala ya bogi, ona ngati kapitawo akubwera, yang'ana basi. Kale ndinkalitumanso kuona wapolisi wofuna chitupa. Apa sindilituma kanthu. Limafika, limapeza kuti palibe choti litenge, ndiye limakhala pansi. Likakhala pansi, inenso mtima umakhala pansi."

Ine, pokhala wokonda mawu olondola, ndinawauza kuti zinthuzo sizingatchedwe zithunzi. Chithunzi chimakhala ndi mwini wake, monga mthunzi umakhala ndi mtengo wake. Tsono chithunzi chopanda mwini ndi mawu odzitsutsa. Ndinkayembekezera kuti akwiya, koma anawomba m'manja.

"Wakhoza, aphunzitsi! Si zithunzi. Ndipo ine sindijambula. Wojambula amaba nkhope ya chinthu chimene chilipo kale. Ine ndimapaka."

Mawu amenewo sanandikomere. Kupaka ndi kwa mafuta pamiyendo, kwa laimu pakhoma la chimbudzi, kwa majarini pa buledi. Ndinkafuna mawu aulemu oti ndikauze anzanga a kukoleji, ndipo ndinawabweretsera angapo: luso, zosemasema za utoto, zolingalira. Onse anawakana. "Ndimapaka basi," ankatero.

Kenaka zinthu zinayamba kuipa m'chigawo chathu. Kumidzi kunkachokera mbiri zimene anthu ankanena monong'ona, atayamba ayang'ana kukhomo. Pa siteshoni ya mabasi ya Egodini, amayi ogulitsa tomato ankadula nkhani munthu wachilendo akaima pafupi. Tinkaona anthu akutsika mabasi ochokera kumidzi ndi katundu wochepa, osayang'ana aliyense kumaso. Mnzanga wina wa m'kalasi anapita kukaona makolo ake ndipo mpando wake unakhala wopanda munthu mpaka chaka chinatha. Aphunzitsi athu anangosiya kuitana dzina lake. Kunamvekanso kuti anthu a mfuti obisala m'tchire akuwononga njanji, ndi kuti asilikali akufunafuna ogwira ntchito kunjanji amene akuwathandiza. Ife tinali alendo, ana a anthu obwera, ndipo tinkalankhula Chindebele ngati eni chigawocho, amene asilikali ankawakayikira. Sitinkadziwa ngati chimenechi chingatiteteze kapena kutipachika.

Azakhali ndiwo anayamba kuona ngoziyo. Anaima pakhomo la kanyumba, manja ali m'chiuno, akuyang'ana bolodi lofiirira lija.

"Bambo, izi ndi njanji."

"Si njanji."

"Ine ndikudziwa kuti si njanji, chifukwa ndakhala nanu. Koma munthu wa mfuti sanakhale nanu. Mizere iwiri, wina wopingasa, m'nyumba ya munthu wa kunjanji. Mukufuna ndikakufuneni kuti? Tenthani."

Nditayang'ana, ndinaona kuti zinali zoona. Bolodi limene ndinaliona kambirimbiri lopanda tanthauzo tsopano linali mapu a mphambano ya njanji, ndipo sindinathenso kuliona mwanjira ina. Inenso ndinawapempha kuti alitenthe, kapena apake penti pamizereyo. Anati aganiza. Sanatenthe.

Asilikali anabwera Loweruka lina m'mawa, azakhali akuyanika zovala. Anatseka msewu mbali zonse ziwiri ndi magalimoto awo, n'kumalowa nyumba ndi nyumba. Tinamva zitseko za anansi, tinamva mwana akulira, kenaka nsapato pa simenti ya khonde lathu. Wamkulu wawo anali wamtali, wa maso ofiira ngati munthu amene sanagone. Analankhula Chishona, ndipo atsibweni, amene Chishona ankangochimva pang'ono, anatsegula pakamwa kuti ayankhe m'Chindebele. Azakhali anawaponda phazi. Ine ndinafulumira kunena m'Chingerezi kuti ndife a ku Zambia, kuti akuluwa amalankhula Chichewa, ndi kuti ndikhoza kumasulira. Mawu anga anatuluka opyapyala ngati a mwana.

Anagubuduza matiresi, anatsegula masutikesi, anakhuthula thumba la ufa. Ndinayamba kuganiza kuti atha. Pomwepo msilikali wina anaitana kuchokera kuseri.

Tinapeza atatulutsa mabolodi onse n'kuwatsamiritsa kukhoma, padzuwa. Sindinawaonepo panja, ndipo anaoneka amaliseche. Wamkulu uja anadutsa lotuwa, anadutsa lakuda, n'kuima pa lofiirira. Anatsata mizere iwiri ija ndi kamwa ya mfuti yake, pang'onopang'ono, mpaka pamene wachitatu unapingasa. Anagogoda pamenepo.

"Wajambula ndani?" anafunsa, m'Chichewa.

Chichewa chake chinali cha kumafamu, chimene ana a Chishona ankatola posewera ndi ana a antchito ochokera kwathu, koma chinali chokwanira. Sindikanathanso kukonza mawu a atsibweni pakati pa pakamwa pawo ndi khutu lake. Chilichonse chimene akananena chikanafika chathunthu.

"Mdala, ndikufunsa iwe. Wajambula njanji ya kuti? Mlatho uli pati?"

Atsibweni anavula chipewa. Ndinaona zala zawo, zokhala ndi penti m'zikhadabo, zitagwira mlomo wa chipewacho. Ndinkaopa zinthu ziwiri. Ndinkaopa kuti akhala chete, chifukwa kukhala chete kunkawerengedwa ngati kuvomera. Koma ndinkaopa kwambiri kuti ayamba kufotokoza za diso limene limakhala pansi, ndipo munthuyo aganiza kuti akumunyoza. Kumsewu, injini ya galimoto inkalira, ndipo kumbuyo kwake ndinali nditaona kale amuna awiri a mumsewu wathu atakhala pansi, manja ali pamutu.

Azakhali analowerera, atagwada pa dothi, chovala chonyowa chikadali m'manja. "Bwana, amuna angawa ndi opaka mabogi. Apa amayeserapo penti, aone ngati yauma bwino. Amapukutirapo maburashi. Ndi zinyalala izi, ndakhala ndikuwauza kuti azitaye."

"Amayi, khalani chete. Ali ndi pakamwa." Anayandikira mpaka mfuti inakhudza batani la malaya a atsibweni. "Ukajambula, umajambula chinthu. Chinthu chake n'chiyani?"

Ndinadziwa kuti atsibweni sanganene kuti ndi zinyalala. Ndinawadziwa. Ndinayang'ana pansi, pa nyerere zimene zinkakoka kachidutswa ka ufa, ndipo ndinayamba kuganiza mawu amene ndikawauze amayi anga.

"Bwana," anatero atsibweni, mawu awo ali otsika koma osadukaduka, "ine sindijambula. Sindinajambulepo chinthu chibadwire. Ndimapaka basi."

Msilikaliyo anatembenukira kwa ine. "Iwe wasukulu. Kupaka ndi kujambula, si chimodzi?"

Funso limeneli ndinkalidziwa kuposa lina lililonse limene akanandifunsa. Ndinayankha monga ndikanayankhira m'kalasi, chifukwa njira ina yolankhulira inali itandithawa. Ndinati kujambula ndi kutenga maonekedwe a chinthu chimene chilipo, monga nkhope, nyumba kapena msewu, n'kuwaika papepala. Koma kupaka ndi kuyala chinthu chamadzimadzi pamwamba pa chinzake, monga mafuta pakhungu kapena laimu pakhoma. Ndinati wopaka satenga kanthu kwina kulikonse. Ndinaperekanso chitsanzo cha majarini pa buledi, ndipo msilikali wina kumbuyo anaseka.

Wamkuluyo sanaseke. Anagwira bolodi lija, analizondotsa, analiyang'ana, analigoneka chammbali. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, mwina pofuna kuona mapu onse bwino, ndipo anaima pamtunda womwewo umene atsibweni ankaikapo kampando kawo. Anayang'ana nthawi yaitali. Sindikudziwa chimene ankaona, ndipo sindidzanena kuti mtima wake unakhala pansi. Mwina ankangofunafuna mlatho. Kenaka anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja, anapita pa bolodi lotuwa, n'kukanda kadontho kachikasu ndi chikhadabo.

"Penti yabwino mukuiwononga," anatero. Analankhula kwa anzake m'Chishona, ndipo awiri ananyamula bolodi lofiirira. Ndinamva kuti ankafuna chotsekera zenera losweka la galimoto. Anatuluka nalo pachipata, mizere itayang'ana pansi. Anawasiya atsibweni ataima pomwepo ndi chipewa m'manja.

Magalimoto anachoka. Azakhali anadzuka, anasasa mawondo. Ine ndinapita kuseri kwa kanyumba n'kusanza. Mmodzi mwa amuna awiri aja anabwerera patapita milungu, akutsimphina. Winayo sitinamuonenso, ndipo mkazi wake anasamuka.

Madzulo a tsiku lomwelo azakhali anatenga hamala ndi misomali. Anati asilikali akabweranso apeze mabolodiwo akugwira ntchito imene aliyense angaimvetse. Lakuda analikhomera pansi pa sinki pamene thabwa linawola. Ang'onoang'ono anawaika pansi pa matiresi. Lotuwa, lokhala ndi kadontho kachikasu kokandika, linasanduka chitseko cha khola la nkhuku. Atsibweni anawagwirira bolodilo pokhoma, ndipo anangopempha chinthu chimodzi, kuti mbali yopakayo iyang'ane kunja.

Sanapakenso mzere uliwonse pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo. Mantha sanatichoke, galimoto ikaima pamsewu, tonse tinkasiya kutafuna. Koma Lamulungu lotsatira, titabwerako ku tchalitchi, ndinawaona akutulutsa kampando kawo. Anakaika pabwalo, moyang'anana ndi khola, anayesa mtunda ndi maso, anakasuntha pang'ono. Nkhuku zinkalira kuseri kwa chitseko chotuwacho.

"Aphunzitsi," anandiitana osatembenuka, "ukuima ngati mlonda bwanji? Tenga mpando. Koma Chichewa chako chisiye m'nyumba."

Ndinatenga mpando.