Laputopu ya achimwene ikufuna chala chimene tinakwirira

Lachiwiri lapitali chiperoni chinatsika m'phiri n'kukuta Mulanje yense, moti nsonga ya Chambe sinkaoneka n'komwe. M'mawa umenewo alamu anga, mkazi wa malemu achimwene anga a Fakisoni, anandiimbira foni.

"Alamu, tabwerani. Chinthu chija chayambanso kulira."

Chinthu chake ndi laputopu. A Fakisoni ankajambula makanema a maukwati, zinkhoswe ndi makwaya, n'kumawakonza okha kunyumba. Anatisiya mwezi watha atadwala mwadzidzidzi.

Ndinawapeza alamu ali khuma pakhonde, mvula yowaza ikuwanyowetsa mapazi. M'nyumba munalibe munthu. Koma tili pomwepo ndinamva ndi makutu angawa, kuchokera kuchipinda: ting! Kenako zii. Tinalowa kuchipindako.

Titaivundukula, tinapeza dzina la achimwene lili pakati pa galasi, ndipo m'mbali muli kauthenga kakuti: "Loweruka, ukwati ku Thuchila. Tchaja mabatire." Munthu tinamuika m'manda, koma makina ake akumukumbutsabe za ntchito.

Alamu anaika chala chawo pamene achimwene ankaika chawo poitsegula. Inakana. Ndinayesa kulemba dzina la mwana wawo ngati mawu achinsinsi. Kabokosi kolembamo kanagwedezeka uku ndi uku ngati munthu wopukusa mutu. Alamu anabwerera m'mbuyo n'kugwira pakamwa.

"Ndi mmene ankakanira eni ake," anatero.

Mwina mukuti, bwanji osangoisiya? Nkhani ili apa. Wojambula sajambulidwa. Zaka zonsezi achimwene anali kuseri kwa kamera, ndipo kanema yekhayo amene muli nkhope ndi mawu awo ndi wa chinkhoswe cha mwana wawo Tadala. Tsiku limenelo anapatsa mnzawo kamera, iwo n'kulowa m'bwalo kukavina ndi kulangiza mwana wawo, Chichewa akusakaniza ndi Chilomwe. Kanemayo anali asanamalize kumukonza. Ali m'laputopumo, kwina kulikonse kulibe.

Chimandiwawa n'chakuti tsiku limene tinathamangira nawo kuchipatala, laputopuyo anaisiya patebulo ili yotsegula, ntchito ili pakati. Anaitchera kuti isamagone yokha chifukwa makanema amatenga nthawi. Maliro atachitika, tinachita zimene timachita tonse kuno: kutulutsa katundu pabalaza kuti amayi apeze pokhala pozungulira bokosi. Amalume anaitseka mwaulemu, anaikulunga m'chitenje n'kulamula kuti katundu wa malemu asakhudzidwe mpaka abale adzakumane. Palibe analakwa. Koma kutseka kumeneko kunali kukhoma chitseko, kiyi ali m'thumba la womwalira.

Ine ndi achimwene tinkakangana za makompyuta ngati anthu a matimu a mpira. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imaiyendetsa, imene okonza amangoti sisitimu. Iwo anali a sisitimu ya makina aja okhala ndi chizindikiro cha apozi wolumidwa. Ankati pokonza kanema kapena nyimbo siijama, mitundu imaoneka bwino, ndipo wakuba akaiba waba chitsulo chabe. Ankanena zoona, ngakhale mtengo wake ndi wothawitsa.

Ine ndine wa sisitimu ya mazenera anayi, imene mumaipeza mu ofesi iliyonse pa Boma. Ana amalemberapo za kusukulu, mayi a kunyumba amaonerapo makwaya, pulinta iliyonse imagwirizana nayo. Vuto lake, ukangobaya fulashi yochokera kosindikiza mapepala, watenga matenda. Achimwene ankaitcha minibasi, ati aliyense amakwera ndipo aliyense amasiyamo chifuwa.

Palinso ina yaulere, ya kambalame koyenda choimirira, imene mnzanga wina mphunzitsi amailalikira ngati mpingo. Imadzutsa ngakhale kompyuta yokalamba. Koma ikakuvuta, kuno ufunsa ndani?

Pa mikangano yonseyi tinkafunsana za liwiro, za mtengo, za mavairasi. Sitinafunsanepo kuti, nanga mwini wake akachoka, idzamvera ndani?

Lachitatu ndinapita nayo kwa bambo wina wokonza makompyuta pa Boma. Anaitembenuza, n'kuusa moyo.

"Bwana, ikanakhala ngati yanu ija, mwina ndikanaitsegula kumimba n'kukukoperani zonse. Izi amazimanga kuti asalowe aliyense. Mwina ku Blantyre, mutapita ndi mapepala ogulira, angakutsegulireni kuti izigwira ntchito. Koma za m'katimo musayembekezere. Apo ayi tingoifomata."

Kufomata, kwa amene simudziwa, ndi kusesa zonse n'kuyambira pachabe. Ndi mankhwala athu a matenda alionse a kompyuta. Yachedwa? Fomatani. Yalira? Fomatani. Ndipo amalume agwirizana nazo. Akuti ana otsala m'nyumbamo akufuna kompyuta ya sukulu, sangasunge chinthu chodula chotere ngati chipilala.

"Nanga chala chake tikachifukule?" anafunsa amalume nditawafotokozera abale zimenezi. Palibe anaseka.

Sindikuti amalume alibe mfundo. Koma taganizani, owerenga. Kale munthu akamwalira tinkapeza zithunzi m'sutikesi, makaseti m'katoni. Ngakhale chinyezi cha kuno chitazidya m'mbali, nkhope inkaoneka. Lero zonse tazilowetsa m'makina amene amadziwa munthu mmodzi yekha, ndipo timanyadira kuti ngakhale mkazi wathu sangatsegule. Timabisa mawu achinsinsi ngati tidzakhala muyaya. Kunena za imfa uli moyo timati n'kudziitanira tsoka, ndiye timangokhala chete, makinawo n'kukhalanso chete m'malo mwathu.

Ndinaibweza laputopuyo kwa alamu. Akana kuti ifomatidwe, ndipo amalume awapatsa mpaka kutha kwa mwezi. Tsiku lililonse amaitchaja, magetsi akazima amapita nayo kwa aneba a sola. Akuopa kuti ikangozima, yazimiratu. Imalirabe, ndipo iwo asiya kuthawira pakhonde. Akuti ikalira amaiyankha.

Tsiku limene ndinaibwezalo, ndikutsanzika, foni yawo inaitana. Anali Tadala, akuimba kuchokera ku Blantyre. Ndinamva mawu ake akufunsa ngati kanema uja wapezeka, poti akufuna kumvanso zimene bambo ake anamuuza tsiku lija.

Alamu anayang'ana kuchipinda, kenako anayankha motsitsa mawu.

"Dikira pang'ono, mwanangu. Bambo ako akumukonzabe."

Inu amene mukuwerenga, kaya kompyuta ya m'nyumba mwanu ndi ya apozi, ya mazenera kapena ya kambalame, zimenezo n'zanu. Koma tsiku limene adzatulutse mipando pabalaza panu, ndani adzaitsegule?