Elvio Tosetto, Munthu Wosamva Fungo la Petulo

Elvio Tosetto anali wokonza mapampu oyendera mphepo, aja opopa madzi a ng'ombe m'mafamu ozungulira Colonia Belmonte, m'chigawo cha Santa Fe. Ntchitoyi anaiphunzira kwa bambo ake, ndipo anayamba kukwera nsanja zachitsulo za mapampuwo asanamere ndevu. Anali wamfupi, wa manja akuluakulu, wosakonda zolankhulalankhula. Akafika pa famu ankapereka moni, n'kuyamwa kamodzi mate, tiyi wa kumeneko womwera pa kapaipi, kuti mwini famu asakhumudwe, kenako n'kukwera.

Ali ndi zaka za m'ma makumi anayi anagwa pa nsanja ina, chingwe chitaduka. Anathyoka phewa n'kumenyetsa nkhongo pansi. Phewa linapola, mutu nawo unapola, koma kununkhiza kunapita osabwereranso. Dokotala wa ku Rafaela anati mitsempha inaduka mkati ndipo panalibe chosoka. Elvio sanadandaule kwenikweni. Ankati m'dera la ng'ombe zamkaka munthu wosamva fungo ndi wodala. Chinkamuwawa ndi nyama yootcha yokha, yomwe tsopano inkangomveka mchere.

Kuchokera pamenepo mkazi wake Zulema, yemwe ankaphika pa sukulu ya pulayimale, ndiye ankanunkhiza m'malo mwake. Mkaka ukasasa wodziwa anali iye, gasi akamatuluka kukhitchini wodziwa anali iye, ngakhale malaya Elvio ankayamba wamusonyeza asanavale. Anazolowerana choncho moti sankazionanso ngati nkhani.

Chilakolako cha ndege chinamugwira kalekale, ali pamwamba pa nsanja, akuona ndege zopopera mankhwala zikudutsa m'munsi mwake. Anaphunzira kuulutsa ku kalabu ya ndege ya m'tauni ya Colonia Belmonte, yomwe inali ndi shedi imodzi, msewu wa udzu ndi malo ootchera nyama. Mwana wawo wamkazi atakwatiwa ku Rosario, nyumba itakhala zii, Elvio anagula mapulani a ndege yaing'ono ya munthu mmodzi n'kuyamba kuimanga kuseri kwa nyumba. Thupi lake linali la matabwa, mapiko okutidwa ndi nsalu imene Zulema anasoka, injini yochotsa m'galimoto yakale. Ntchitoyi inadya zaka zisanu ndi ziwiri. Aneba ankati Tosetto akukhoma bokosi la maliro la mapiko, iye n'kumangoti bola ali ndi lake.

Zambiri anatsata mapulani, koma ziwiri anachita za m'mutu mwake. Kampopi kotsekera petulo, mapulani ankati kakhale pansi pa mpando. Phewa lothyoka lija silinkalola mkono kufika kumeneko, ndiye anakaika kutsogolo, pafupi ndi bondo lamanja. Chachiwiri chinali paipi yotenga petulo kupita ku injini. Anaika ya mkuwa, chifukwa mkuwa ankaudziwa, anali ataupinda moyo wake wonse.

Pautasso, yemwe kale ankaulutsa ndege zopopera ndipo tsopano ankaphunzitsa ku kalabuko, anaiona paipiyo tsiku limene ndege inabwera pa ngolo.

"Che, Elvio, iyi si pampu ya ng'ombe. Injini imanjenjemera. Mkuwa ukagwedezeka nthawi yaitali umauma n'kung'aluka. Ikapo paipi yofewa, ija yovekedwa chikuto chosapsa."

"Ndidzaitanitsa ku Buenos Aires."

"Liti?"

"Iuluke kaye."

Inauluka, ndipo inauluka bwino, moti nkhani ya paipi inafera pomwepo.

Lamlungu lililonse m'mawa banjali linkapita ku kalabu. Elvio ankachotsa chivindikiro cha injini, Zulema n'kulowetsamo mutu, kununkhiza uku ndi uku, kenako m'malo okhala woyendetsa. Akati palibe kanthu, Elvio ankavindikira n'kunyamuka. Anthu a pa kalabu ankasangalala nazo.

"Doña Zulema, mukamaliza mudzanunkhizenso yanga," ankatero Pautasso.

"Yako ndaimva kale ndili pa geti. Ikununkha vinyo wa dzulo."

Sanali masewera okhaokha. Kawiri konse Zulema anamva petulo, ndipo kawiri konseko Elvio atafufuza anapeza podontha. Zimenezi zinamulimbitsa mtima kupitirira muyeso. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kuyang'anitsitsa ndi maso ake. Ankangodikira mawu a mkazi wake.

Lamlungu lina la mu Julaye kunacha kozizira, udzu utayera ndi chisanu, kumwamba kuli mbee. Zulema anali ndi chimfine. Anadzuka akutsokomola, maso ofiira, koma anavala chikhoti chake n'kukwera galimoto monga mwa masiku onse. Elvio anavala jekete lachikopa, buluku la nayiloni lotentha bwino limene mwana wawo anamugulira, ndi nsapato zothamangira. Atafika, Zulema analowetsa mutu mu injini, nakhalamo kanthawi kochepa.

"Palibe."

"Watsimikiza?"

"Ndati palibe, madala. Pita ukabwere, ndikuzizidwa."

Elvio anauluka kulowera kumpoto, kukaona pampu ina imene anaikonza sabata imeneyo. Anaizungulira, inkayenda bwino. Ali pobwerera, tauni ikuonekera patali, anamva kutentha kumapazi. Poyamba anaganiza kuti ndi mpweya wotenthetsera m'kati, womwe anautsegula chifukwa cha kuzizira. Kenako anaona kautsi kakuda kakutuluka m'mbali mwa chivindikiro. Atayang'ana pansi, lawi laling'ono linkalowa pa kabowo kodutsa mawaya, pa lata lotchinga pakati pa injini ndi miyendo yake.

Pambuyo pake anthu ankamufunsa zimene ankaganiza nthawi imeneyo, iye n'kumati sankaganiza kanthu. Dzanja lamanja linapita lokha pa kampopi paja n'kutseka petulo. Anatsekanso mpweya wotentha. Injini inalira pang'ono pomaliza petulo wotsala m'paipi, kenako inakhosomola n'kuzima, ndipo anazimitsa magetsi onse. Kunangotsala phokoso la mphepo. Analozetsa ndege pansi, n'kuipendeketsa kuti iziyenda chammbali ngati nkhanu, kuti lawi ndi utsi zizipita kumanzere osati kumaso kwake.

Lawi lalikulu linachepa, koma oyilo ndi matabwa zinali zitagwira kale. Buluku lija linayamba kusungunuka n'kumamatirira pa misongolo. Mapazi sakanawachotsa, chifukwa ndi amene ankawongolera ndege. Kutsogolo kunali munda wa msipu wautali bwino, ng'ombe zili ku ngodya imodzi. Anadutsa pamwamba pa mpanda wa waya, matayala anagunda pansi, ndege inadumpha kamodzi n'kuthamanga mpaka kuima. Anamasula lamba, nadzigwetsera kunja, nakwawa kutalikira.

Anakhala pa udzu wonyowa akuonerera. Nsalu ya mapiko inapsa msangamsanga ngati pepala. Thanki itagwira moto panamveka mdidi umodzi, ng'ombe n'kuthawa. Mwini munda anafika pa thirakitala ndege itasanduka makala, injini yokha itagwa chamutu pa phulusa.

"Don Elvio, ndinu? Muli moyo?"

"Ndili moyo. Pepa ndakuotchera msipu. Uli ndi madzi?"

Anagona m'chipatala ku Santa Fe pafupifupi nyengo yonse yozizira. Kumtunda, komwe kunali jekete lachikopa, sanapse ngakhale pang'ono. Kuyambira m'maondo kutsika kunali nkhani ina. Madokotala anachotsa nayiloni m'mnofu pang'onopang'ono, kenako anadula khungu pantchafu n'kukamata pa misongolo. Phazi lamanzere linatsala ndi zala zitatu.

Zulema ankakhala pambali pa bedi akuluka. Masabata oyamba ankakamba za nyumba, za galu, za makasitomala ofunsa kuti mapampu awo akonza ndani. Tsiku lina masana, namwino atangomaliza kumanga mabala, anaika zolukazo pamiyendo.

"Tsiku lija sindinkamva chilichonse. Ngakhale ukanandithira petulo kumaso."

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa bwanji?"

"Timagona nyumba imodzi, Zule. Khofi unamupsereza m'mawa umenewo osadziwa. Utsi ndinauona ndine."

"Ndiye unandifunsiranji?"

"Ndinkafuna kuuluka. Ndinkafuna wina anene kuti palibe."

Zulema anatolanso zoluka zake. Nkhaniyi sanaikambenso, ndipo Zulema sanapondenso pa kalabu.

Pautasso anali atatola injini ija n'kuisunga m'shedi. Elvio atayamba kuyenda ndi ndodo anapita kukaiona. Paipi ya mkuwa inali itang'aluka pafupi ndi polumikizira, mng'alu woonda ngati tsitsi, pamwamba penipeni pa paipi ya utsi. Pautasso anati mwina mng'aluwo unkatseguka injini ikamalira pokha, moti ngakhale mphuno zabwino zikanatha kuuphonya ndege ili chiimire. Elvio anamasula kachidutswa kong'alukako n'kukaika m'thumba.

Ntchito yokwera nsanja inathera pomwepo, popeza miyendo sinkalolanso. Anagulitsa zida zake kwa munthu wa ku Sunchales n'kutsala ndi zokonza mapampu ang'onoang'ono pa benchi. Lamlungu ankapita yekha ku kalabu, n'kumayendayenda pakati pa ndege za anzake. Aliyense wochotsa chivindikiro ankangozindikira Elvio waima kumbuyo kwake. Ankafuna kuona zinthu zomwezomwezo: paipi ya petulo ngati ndi yofewa ndipo ili ndi chikuto, ngati yatalikirana ndi paipi ya utsi, ndi mabowo a pa lata lotchinga ngati ndi omata. Ankauza munthu kuti akhale pa mpando, amange lamba, atsinzine, ndiyeno agwire kampopi ka petulo. Ambiri ankapapasa nthawi yaitali. Wina anapeza kuti akamanga lamba sangakafikire n'komwe.

Wina akagwira ntchito pa mapaipi, Elvio ankaumirira kuti injini ilire ili pansi chivindikiro chili chochotsa, kenako azimitse n'kupukuta polumikizira paliponse ndi kansalu koyera, n'kukayang'ana padzuwa. Za zovala sankachita kufotokoza. Akaona munthu wavala nayiloni ankangokweza mwendo wa buluku lake mpaka m'bondo, n'kuutsitsanso.

Anamupatsa dzina loti Wozimitsa Moto, ndipo si onse ankamukonda. Loya wina wa ku Rafaela, yemwe anali ndi ndege yokongola yogula yomangidwa kale, anamuuza pamaso pa anthu kuti munthu amene anaotcha ndege yake si woyenera kuphunzitsa anzake.

"Zoona, dokotala," anatero Elvio, pomutchula monga amatchulidwira maloya kumeneko. "Ndiye funsani amene sanaotchepo akuuzeni mmene zimakhalira."

Loyayo sanasinthe kalikonse, ndipo ndege yake ikuulukabe mpaka lero popanda vuto. Ena atatu kapena anayi anasintha mapaipi awo mwakachetechete. Pautasso anayamba kuphunzitsa ophunzira ake kutseka petulo atatsinzina, osatchula kuti anazitenga kwa ndani.

Patapita zaka ziwiri Elvio anayamba kumanga ndege ina, ya mapulani omwe aja. Zulema sanaletse, komanso sanasoke nsalu, moti Elvio anaphunzira kusoka yekha. Ntchito inkayenda pang'onopang'ono chifukwa sankatha kuima nthawi yaitali. Thupi ndi mapiko zitatha, injini itakhala pamalo pake, anapita kukayezetsa kuti akonzenso chiphaso chake choulutsira. Dokotala anamumvetsera pamtima kawiri, namuuza kuti za kuulutsa yekha aiwale.

Anabwerera kunyumba, nadya chakudya chamasana, nagona pang'ono monga mwa chizolowezi. Madzulo anauza Zulema kuti ndegeyo aigulitsa.

Amene anaigula anali dokotala wa ziweto wa m'chigawo cha Chaco, dzina lake Benítez, munthu wansangala wofuna chomuthandiza kuyendera mafamu akutali. Anabwera ndi lole yonyamulira ng'ombe. Ndegeyo inali yosamaliza mbali ya petulo, ndipo Benítez anati ali ndi makaniko kwawo amene amaliza.

"Makaniko wa chiyani?"

"Wa mathirakitala. Ndi katswiri, Don Elvio."

"Inenso ndinali katswiri. Mu lolemu muli malo a munthu wina?"

Anapita nawo ku Chaco atanyamula chikwama cha zovala ndi bokosi la mapaipi ochokera ku Buenos Aires. Anakhalako pafupifupi mwezi, akugona m'chipinda cha alendo kwa Benítez, akudandaula za kutentha ndi udzudzu. Anaika zonse ndi manja ake, makaniko uja akumupatsira zida. Tsiku loyesa ndege anaima m'mphepete mwa msewu wafumbi atatsamira ndodo, naiona ikunyamuka, kuzungulira famu katatu n'kutera. Benítez anatsika akuseka, namukumbatira, nati aphe mwana wa ng'ombe achite phwando. Elvio anati achotse kaye chivindikiro. Anapukuta polumikizira paliponse, nayang'ana kansaluko, napempha kuti mawa lake amuperekeze kokwerera basi.

Masiku ano ali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ku kalabu amapitako mwa apo ndi apo, chifukwa anthu ambiri a kumeneko ndi atsopano ndipo ndege zawo ndi zogula zathunthu. Pautasso anamwalira chaka chathachi. Zulema anapuma ntchito ya kusukulu, ndipo awiriwo amathera Lamlungu kwa mwana wawo ku Rosario, woyendetsa galimoto ali Zulema.