Tsiku limene ndinasesa antchito a asekuru

Fungo la phula losungunuka likandipeza, ngakhale lero, ndimaona asekuru a Gondwe, bambo a bambo anga, atakhala pakhonde kwathu ku Chilumba, mwendo umodzi atautambasula, akupala m'kati mwa chikho chouma ndi kawaya kopinda. Ankapanga malipenga amene amuna amawaliza povina gule wa malipenga. Munda anali nawo wa dzina chabe. Kondoole, nsima yathu ya chinangwa, ndi usipa wapakhomo pathu, ndi yunifolomu yanga yomwe, zinkachokera m'zikho zimenezo.

Chikho pachokha sichilira. Asekuru ankaboola kabowo, n'kumatapo ndi phula kansalu koyera kamene kangaude wapakhoma amafunditsa mazira ake. Munthu akaimbiramo, kansaluko kamanjenjemera, mawu n'kutuluka ngati a lipenga la asilikali. Ndiye makoma a m'nyumba mwathu anali mawangamawanga, ndipo tsache silinkaloledwa kukwera kupitirira m'mawondo. "Awa ndi antchito anga, muzukuru," ankatero. "Sima yanga sadya, sadandaula, basi aleke."

Ine zimenezi zinkandichititsa manyazi. Ndinali Sitandade 6, ndipo aphunzitsi athu, mayi Kamwendo ochokera ku Dedza, anali atatiphunzitsa kuti nyumba ya akangaude ndi ya munthu wauve. Tsiku lina anandiimitsa pakhomo la kalasi. "Tamara, Loweruka ndibwera kwanu." Sananene chifukwa, ndipo ine sindinafunse. Ndinangoti basi, akubwera kudzaona uve wathu.

Lachisanu asekuru anapita ku Uraha kukagula zikho, ndipo anati akagona komweko. Gulu lovina la ku Sangilo linkadikira malipenga atsopano, chifukwa achipani anali atalamula kuti gulu lililonse likavine pa chikondwerero cha Julaye. Zonsezi ndinkazidziwa. Komabe ndinakwera pampando, n'kupala timawanga tonse mpaka kudenga, kenako ndinazira makoma ndi dothi lofiira. Nditamaliza ndinaima pakati pa nyumba ndikudzitama mumtima.

M'mawa mwake asekuru anafika ndi thumba la zikho pamutu, n'kupeza aphunzitsi atakhala kale pamkeka.

"Agogo, ndamva kuti kuno kulibe wokuposani," anatero mayi Kamwendo. "Ndikufuna anyamata akusukulu nawonso akavine ndi malipenga anu. Koma tandionetsani, akuti mumagwiritsa ntchito kangaude, n'zoona?"

Nkhope ya asekuru inawala ngati ya mwana. "Yewo, mama, khalani pompo muone." Anatenga kampeni kawo n'kulowa m'nyumba.

Anakhalitsamo. Ine ndinali chiimire pafupi ndi mtondo. Potuluka anali ndi kampeni kokha. Anayang'ana zala zanga, zimene zinali zikadali ndi dothi lofiira m'zikhadabo, kenako anatembenukira kwa mlendo.

"Pepani mama, antchito anga apita kutchuthi."

Aphunzitsi anaseka, poyesa nthabwala. Apo m'pamene ndikadayankhula, koma ndinabisa manja kumbuyo.

Sabata yonse asekuru anayenda khomo ndi khomo, munthu wamkulu kupempha kusuzumira m'makoma a eni ake. Koma ayufi, anyamata achipani, anali atauza mudzi wonse kuti uzire nyumba chikondwerero chisanafike, ndiye anangopeza tinsalu towerengeka. Malipenga otsalawo anamata ndi pepala lopichirira fodya. Tsiku lovina analira mosasa, ngati atambala achimfine, ndipo anthu anaseka amuna a ku Sangilo pamaso pa akuluakulu achipani. Mtsogoleri wa gulu lovinalo anabwera kudzatula malipengawo pakhomo pathu, osalandira ndi mpando womwe. Chaka chotsatira anakagula kwina, magulu ena n'kutsatira.

Akangaude anabwerera mvula isanagwe. Ogula ambiri sanabwerere. Asekuru sanandimenye, sananditukwane, sanauze ngakhale bambo. Anangoti tsiku lina, akusisita khoma, "Dzanja lako ndi labwino, muzukuru. Wazira mosalala." Akanandikwapula, mwina ndikanapepesa. Ndinkati ndinena mawa, mpaka anamwalira ndili ku sekondale.

Pano ndimakhala ku Mzuzu, m'nyumba yopaka laimu. Kuseri kwa chitseko chakuchipinda kuli timawanga toyera titatu. Mlamu wanga anaona timawangato mwezi watha, n'kutenga tsache kuti andithandize. Ndinamugwira mkono mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

"Asiyeni," ndinatero. "Ali pantchito."